Funsani Malume: Mafilimu a kung fu omwe anakula ngati ana amasiye

Mwezi uno mwachita ngati munapangana. Makalata ambiri omwe afika akunena za mafilimu akale a kung fu, makamaka aja a timakampani ting'onoting'ono ta ku Hong Kong ndi ku Taiwan, ojambulidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980. Nkhani imeneyi imandikhala pamtima, choncho mundikhululukire pomwe ndatalikitsa. Ndasankhapo makalata asanu, ndipo ena ndawafupikitsa.

Malume, ndili ndi zaka 19. Ndinayamba ndi Bruce Lee, kenako ndinakopeka ndi mafilimu a Shaw Brothers. Koma inu nthawi zonse mumatamanda a makampani oima paokha. Ndinayesa imodzi: chithunzi chosaoneka bwino, nkhani yongobwezera imfa ya masitala (mphunzitsi wa kung fu), ndevu za nkhalamba zochita kuonekeratu kuti n'zomata. Chokoma n'chiyani pamenepa? Ndine mphwanu wofuna kudziwa.

Mphwanga, ndevuzo n'zomatadi, sindikukana. Koma ukamayang'ana ndevu, zenizeni zikukudutsa m'munsimu, kumiyendo.

Uyambe wamvetsa kusiyana kwake. A Shaw Brothers anali mwanaalirenji. Anali ndi mudzi wawowawo wojambuliramo ku Clearwater Bay ku Hong Kong, wa nyumba zachifumu, milatho ndi misewu yomangiratu, zovala zosokeratu, ndi akitala olembedwa ntchito, ena ogona pomwepo. Golden Harvest, yomwe Raymond Chow anayambitsa mu 1970 atachoka kwa Shaw, ndiyo inatola Bruce Lee. Tsono Bruce Lee atamwalira mu Julayi 1973, anthu m'maiko ambiri anali atalawa kale, ndipo ankafuna zina. Makampani awiriwa sakanatha kudyetsa khamu lonselo. Apa m'pamene aliyense wokhala ndi kamera, kangachepe m'thumba, ndi anyamata odziwa kugwa osathyoka anayamba kujambula. Kampani ina inkatulutsa mafilimu awiri kapena atatu, basi n'kufa.

Anthu amenewa analibe nyumba zachifumu. Ankapita paphiri, pamalo ophwanyira miyala, m'mphepete mwa nyanja, kapena pabwalo la kachisi wakale ku Taiwan ndi ku Korea. N'chifukwa chake ndewu yomaliza kawirikawiri imachitikira paudzu, kumbuyo kulibe kanthu koma mitambo. Chuma chawo chonse chinali thupi la munthu. Osewera ambiri anakulira m'sukulu za zisudzo zachitchaina, momwe mwana ankayamba kupinda msana ndi kudumpha akadali wamng'ono kwambiri. Ena anali akatswiri enieni a taekwondo. Ukakhala ndi munthu wotero sumubisa. Kamera umaiika patali kuti aoneke kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kumusiya agwire ntchito yake.

Tenga Ng See-yuen. Anachoka kwa Shaw n'kuyambitsa kampani yake ya Seasonal. Mu 1976 anatulutsa The Secret Rivals, yojambulidwa ku Korea, n'kuonetsa dziko miyendo ya John Liu ndi ya Hwang Jang-lee. John Liu amatha kukweza mwendo mpaka pamwamba pa mutu n'kuusiya pompo ngati wauiwala. Hwang Jang-lee yekha ndiye ndimamuika pamwamba pa onse omenya mateche, chifukwa theche lake silokongola chabe, umachita kumva kulemera kwake uli pampando. Patapita zaka ziwiri, Ng yemweyo anapatsa Yuen Woo-ping mwayi woyamba wotsogolera filimu, n'kubwereka kwa wopanga mafilimu Lo Wei mnyamata yemwe mafilimu ake sankayenda malonda, dzina lake Jackie Chan. M'chaka chimodzi cha 1978 anatulutsa Snake in the Eagle's Shadow ndi Drunken Master. Nkhalamba yophunzitsa m'mafilimu awiriwa ndi Simon Yuen, bambo ake enieni a Yuen Woo-ping. Kuyambira pamenepo aliyense anayamba kusakaniza ndewu ndi nthabwala, ngakhale makampani akuluakulu omwe. Ndipo Yuen Woo-ping yemweyo ndi amene anadzakonza ndewu za mu The Matrix mu 1999.

Za nkhani yobwezera imfa ya masitala, ine sindiiona ngati chilema. Ndi msana womwe ndewu zimakoloweka. Chomwe ndimadikira ndi pakati paja, pomwe mnyamata wamenyedwa, wathawira kwa nkhalamba, akutunga madzi, akuima pamitsuko, thukuta kamukamu. Zomwe waphunzira pamenepo udzaziona zikubwerera chimodzichimodzi m'ndewu yomaliza. Filimu ikachita zimenezi mokhulupirika, kwa ine yakwana.

Ndikupatsa ntchito. Funa 7 Grandmasters ya Joseph Kuo, ya 1977. Sankha ndewu imodzi, uwerenge nkhonya, mateche, kutchinga ndi kulewa komwe kukuchitika kamera isanadule. Kenako uchite chimodzimodzi ndi filimu ya ndewu ya chaka chino. Undilembere zomwe wapeza.

Zikomo Malume. Bambo anga anatisiya chaka chatha, ndipo anasiya makatoni atatu a matepi a VHS, pafupifupi onse a kung fu. Ena ali ndi zikuto zake, ena analembapo okha ndi bolopeni. Achimwene akuti titaye, poti masiku ano zonse zili pa YouTube. Ine mtima ukukana. Nditani? Ndine mwana wamkazi wa malemu.

Pepani kwambiri ndi zovutazo, mwana wanga. Matepiwo musataye. Ndipo si chifukwa cha chisoni chokha ayi.

Mafilimu a Shaw Brothers anali ndi kholo. Anasungidwa pamodzi, ndipo kampani ya Celestial Pictures itagula mafilimu 760 a m'nkhokwe imeneyo inawatsuka n'kuyamba kuwatulutsa pa DVD mu 2002. N'chifukwa chake lero amaoneka ngati ojambulidwa dzulo. Koma a timakampani tija ndi ana amasiye. Kampani ikafa, zitini za filimu zinkatsala m'chipinda chosungiramo katundu chomwe palibe ankalipira lendi, m'nyengo yotentha ndi yachinyezi ya ku Hong Kong ndi ku Taiwan. Filimu yakale ikakhala malo otero imayamba kuola, imatulutsa fungo la viniga, n'kukwinyika. Mitundu nayo imathawa, chithunzi chonse n'kusanduka chofiirira. Zina zinangotayidwa kudzala kuti malo apezeke. Makope omwe ankazungulira m'nyumba zoonetsera kanema ankagwiritsidwa ntchito mpaka kuzandikazandika ndi kuduka.

Ndiye amene analera ana amasiyewa ndani? Ndi anthu ngati bambo anu. Mu 2009 Dan Halsted, yemwe amasankha mafilimu oonetsa ku Hollywood Theatre mumzinda wa Portland ku America, anapeza mulu waukulu wa mafilimu a kung fu a 35mm, aja oonetsera m'nyumba za kanema, pansi pa nsanja ya nyumba yakale yoonetsera kanema ku Vancouver ku Canada. Anali atakhala pamenepo zaka zambiri osakhudzidwa. Wina akanangobwera ndi lole ya zinyalala, nkhani ikanathera pomwepo. Pali mafilimu ena omwe lero akupezeka pa tepi pokha, monga matepi omwe kampani ya Ocean Shores ya ku Hong Kong inkatulutsa m'ma 1980. Ndipo makampani omwe akutsuka mafilimuwa masiku ano nthawi zina amapeza chithunzi chabwino koma mawu a Chingerezi atasowa, ndiye amakawatenga pa tepi ya munthu wamba yemwe anaisunga.

Achimwene anu muwafunse mwaulemu kuti zomwe zili pa YouTube zinachokera kuti. Zambiri zinachokera m'katoni ngati yanuyo. Ndipo zomwe zilipo lero, mawa mutha kupeza zachotsedwa.

Tsono chochita. Choyamba, chotsani makatoniwo pansi ndi pafupi ndi khoma. Ine ndinataya katoni yathunthu chifukwa chongoisiya pakona nyengo yamvula, ndipo mpaka lero pali filimu imodzi ya wosewera Tan Tao-liang yomwe ndinali nayo mmenemo yomwe sindinaipezenso momwe ndinkaidziwira. Matepi muwaimike chilili ngati mabuku, pamalo ouma, osafika dzuwa, kutali ndi masipika chifukwa maginito amafufuta. Tepi iliyonse muisuzumire pakagalasi kake. Mukaona zoyera ngati ufa kapena ulusi wa kangaude pa lamba wakudayo, ndi chuku chimenecho. Yoteroyo muipatule, ndipo musaiike m'makina, chifukwa chuku chimatsalira pa mitu ya makinawo n'kupatsira tepi iliyonse yobwera pambuyo. Pali anthu odziwa kuitsuka, choncho nayonso musaitaye msanga.

Kenako tengani kope mulembe dzina la filimu iliyonse, kampani yomwe ili pachikuto, ndi mphindi zake. Mukapeza makina a VHS abwino ndi kachipangizo kolumikizira ku kompyuta, yambani kukopera aja omwe mwafufuza n'kuona kuti sanatulukepo pa DVD kapena Blu-ray. Koma mukakopera, tepiyo isungeni ndithu, ndi chikuto chake chomwe.

Ndisakunamizeni, ambiri mwa matepiwo sangakupatseni ndalama. Ochepa okha ndi omwe osonkhanitsa amawalimbirana. Koma aja analembapo okha bambo ndi bolopeni, muwayang'anitsitse. Tepi yomwe pepala lake lada ndi zala, ndiyo ankaibwereza. Muyambe kuonera imeneyo, ndipo achimwene muwaitane.

Malume, ndakwiya. Ndagula filimu imodzi katatu, mayina osiyana, zikuto zosiyana. Chimbale china pachikuto panali Jackie Chan, koma mkati ndinangomuona mphindi zochepa, kwinako ndi munthu wina wobisa nkhope. Kodi ndizidziwa bwanji? Ndine wosonkhanitsa watsopano.

Achimwene, msampha umenewu palibe wosonkhanitsa yemwe sanakodwemo. Inenso wogulitsa wina anandipatsira chimbale cha dzina lochititsa kaso, kufika nacho kunyumba n'kupeza kuti ndi filimu yomwe ndinali nayo kale pashelefu.

Gwero lake ndi lomwe lija: mwana wopanda kholo aliyense amamutcha dzina lomwe wafuna. Wogula filimu kuti akaigulitse kudziko lake ankaipatsa dzina loyenda malonda chaka chimenecho. Mawu oti Shaolin akamakoka anthu, aliyense Shaolin. M'ma 1980 atatchuka ma ninja, The Mystery of Chess Boxing ya Joseph Kuo, ya 1979, inagulitsidwanso ngati Ninja Checkmate, chonsecho ndi filimu ya kung fu yachitchaina. Master of the Flying Guillotine ya Jimmy Wang Yu mudzaipezanso ikutchedwa One-Armed Boxer 2.

Za Jackie Chan, atatchuka mu 1978 anthu anafukula chilichonse chomwe anaonekamo. Master with Cracked Fingers inapangidwa potenga filimu yomwe anasewera ali mnyamata kumayambiriro kwa m'ma 1970, n'kusokererapo zigawo zatsopano za munthu wina woimira iye. Fearless Hyena 2 ya 1983 nayo inalumikizidwa ndi zotsalira, Jackie Chan atachoka kale kwa Lo Wei. Bruce Lee ndiye anachitidwa zoposa: kunabwera omutsanzira monga Bruce Li, Bruce Le, Dragon Lee ndi ena. Koma apa ndikuchenjezeni, musawanyoze onse. Bruce Li, dzina lake lenileni Ho Chung-tao, anali katswiri payekha, ndipo mafilimu ake akumapeto kwa m'ma 1970 ndi ogwira mtima. Kampani ya Severin inasonkhanitsa mafilimu a gulu limeneli m'bokosi limodzi mu 2024.

Mankhwala ake ndi kope. Musamalembe dzina la Chingerezi lokha. Lembani chaka, wotsogolera, osewera atatu oyamba, ndi wokonza ndewu. Pa intaneti pali nkhokwe yotchedwa HKMDB yomwe imaonetsa dzina lachitchaina la filimu pamodzi ndi mayina ena omwe inagulitsidwira. Dzina lachitchainalo, ngakhale simutha kuliwerenga, likopereni. Limenelo silisinthasintha. Ndipo musanagule, werengani mayina a osewera kuseri kwa chikuto, nkhope ya kutsogolo musaikhulupirire.

Malume, tiweruzeni. Ine ndimakonda kuonera mafilimuwa m'mawu a Chingerezi aja omwe ndinakula nawo. Amuna anga akuti zimenezo n'zachibwana, wokonda zenizeni amaonera m'chilankhulo chake n'kumawerenga mawu a m'munsi. Akulondola ndani? Ndine mayi wa ana awiri.

Mayi, nonse muli ndi mbali, koma bambo akunyumbawo pali chimodzi chomwe sakuchiganizira. Mafilimuwa ankajambulidwa opanda mawu. Pamalo ojambulira wina ankalankhula Chikantoni, wina Chimandarini, wina Chikoreya, ndipo mawu onse, pamodzi ndi phokoso la nkhonya ndi kuwomba kwa malaya, ankaikidwa pambuyo m'chipinda chojambulira mawu. Kawirikawiri ngakhale m'Chitchainamo, mawu omwe mukumva si a wosewera yemwe mukumuona. Choncho palibe yemwe angadzigugude pachifuwa kuti akumva mawu enieni a pamalopo.

Pomwe bambowo akulondola ndi apa. Mawu a Chingerezi ankaikidwa mothamanga ku Hong Kong ndi kagulu kochepa ka anthu, n'chifukwa chake mumamva mawu omwewomwewo m'mafilimu ambirimbiri. Ankasankha mawu oti akwane pakamwa pa wosewera, tanthauzo likapotoka ndi momwemo. Mayina ankasintha, ubale wa anthu unkasokonekera, ndipo nthabwala zosewera ndi mawu a Chikantoni zinkafera m'njira. Drunken Master ine ndimaionera m'Chikantoni pachifukwa chimenechi.

Koma kunena kuti mawu a Chingerezi aja ndi achibwana, ayi ndakana. Ndi mawu omwe anatengera mafilimuwa kwa anthu mamiliyoni omwe sakanawadziwa. Achinyamata a ku New York omwe ankawaonera m'nyumba za kanema za pa 42nd Street ndi pa TV Loweruka masana anawasunga pamtima, mpaka gulu la oimba la Wu-Tang Clan linatenga dzina lake ku Shaolin and Wu Tang ya 1983, n'kuika mawu a m'filimuyo m'chimbale chawo choyamba cha 1993. Ghostface Killah, mmodzi wa m'gululi, dzina lake analitenga kwa chigawenga cha mu The Mystery of Chess Boxing. Mbiri imeneyi ndi yeniyeni, siyochititsa manyazi.

Pogula chimbale, funani chokhala ndi zonse ziwiri. Mutchere khutu kunyimbo zakumbuyo, chifukwa nthawi zina zimasiyana. Timakampaniti tinkangotola nyimbo za eni ake: mu Master of the Flying Guillotine muli za magulu a ku Germany a Neu! ndi Kraftwerk. Ndiye sabata ino onerani mwa inu, sabata yamawa mwa bambo, ana aone zonse.

Malume, ndayamba ntchito ndipo ndikufuna kuyamba kugula zimbale zenizeni m'malo mwa zokopera. Ndiyambire pati? Komanso ndinamva mukunena kuti tepi imabisa theka la filimu. Munkatanthauzanji? Ndine mphwanu wina.

Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, mphwanga, poti ndilo likuuze choyenera kugula. Mafilimu ambiriwa anajambulidwa otambalala, m'lifupi mwake kuposa kawiri msinkhu wake, muyezo wa 2.35 kwa 1. TV yakale inali ya 4 kwa 3. Kuti chithunzi chidzaze sikirini, okopera pa tepi ankadula m'mbali monse muwiri, ndipo zopitirira magawo 40 pa 100 alionse a chithunzi zinkatayika. Pa filimu ya anthu ongocheza, utha kupirira. Koma pa ndewu ya anthu awiri otalikirana, wina kumanzere wina kumanja, umatsala ukuona udzu wapakati ndi nsonga za mapazi. Anthu ambiri omwe amati mafilimuwa anajambulidwa mosasamala anaonera odulidwawa.

Palinso zina. Matepi ndi ma DVD a mtundu wa PAL amathamangitsa filimu pang'ono, zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 24, ndiye filimu ya mphindi 90 imatha pa 86 ndi kanthu. Usafulumire kuganiza kuti yadulidwa. Koma kudulidwa kwenikweni kunaliko: ku Britain, mpaka 1999, oyang'anira mafilimu ankachotsa zigawo zoonetsa nunchaku, timitengo tiwiri tolumikiza ndi tcheni tija. Tepi yakale ya kumeneko ukaiona ikudumpha pakati pa ndewu, kawirikawiri chifukwa chake n'chimenecho.

Pogula, yang'ana kuseri kwa chikuto ngati alemba 2.35:1, zilankhulo zomwe zilimo, ndi komwe anatenga chithunzicho. Kampani yoona mtima imanena poyera ngati inagwiritsa ntchito filimu yoyambirira ya mu kamera kapena kope yotopa ya m'nyumba ya kanema. Mizere ndi timadontho usaziope. Kuli bwino chithunzi chokalamba chathunthu kusiyana ndi chosalala chodulidwa. Uonenso chigawo cha chimbale: Blu-ray ya A ndi ya ku America ndi maiko ena a kum'mawa kwa Asia, ya B ndi ya ku Ulaya, Africa ndi Australia, ndipo makina ambiri amakana chimbale cha chigawo china.

Usathamangire kudzaza shelefu. Sankha munthu mmodzi umutsate, kaya wotsogolera ngati Lee Tso-nam, yemwe anapanga The Hot, the Cool and the Vicious mu 1976 ndi Shaolin vs Lama mu 1983, kaya wosewera ngati Angela Mao kapena Carter Wong. Ukatero maso ako amayamba kuzindikira nkhope za anyamata ogwa aja, omwe mayina awo sali pachikuto, ukuwapeza filimu ndi filimu.

Ndalama yako yoyamba, ine ndikanati ipite ku bokosi la Cinematic Vengeance lomwe kampani ya Eureka ya ku Britain inatulutsa mu 2021, la mafilimu 8 a Joseph Kuo, la chigawo B. Muli The 18 Bronzemen, muli 7 Grandmasters. Yachiwiriyi ndinaionera zaka zambiri pa tepi yodulidwa, ndinkaganiza kuti ndimaidziwa pamtima. Tsiku lomwe ndinaiona yotambalala ndinakhala chete mpaka kumapeto, chifukwa wosewera Jack Long yemwe ndinkamuona akutchinga mphepo, ndinaona tsopano dzanja lomwe ankalitchinga. Ukalitsegula bokosilo uyambe ndi imeneyo, ndipo maso ako akhale m'mbali mwa sikirini, momwe tepi inkadula.